Ukwati wa Zaka Zisanu ndi Ziwiri



M'chaka cha 2007 mai wina wandale wa ku Germany, Gabriele Pauli, adapereka ganizo lakuti ukwati uzitha wokha pakapita zaka 7, ndipo amene akufunanabe azikalembetsanso, monga tichitira ndi chiphaso cha galimoto. Ambiri adamseka, ganizolo silidapite patali. Komabe iye adangotulutsira pabwalo zimene anthu a ku Ulaya ndi ku America ankanong'onezana kale. Mu 1969 California ndi England adafewetsa malamulo a chisudzulo, ndipo Italy, dziko la Roma lomwelo, adaloleza chisudzulo mu 1970. Pofika 2020 mzinda wa Somerville ku America udayamba kulemba m'kaundula anthu atatu kapena oposerapo okhala ngati banja limodzi.

Funso lao ndi ili: munthu wa zaka 25 angalonjeze bwanji mtima umene adzakhale nawo ali ndi zaka 70? Tisafulumire kuwanyoza. Ena mwa iwo adakulira m'nyumba zimene bambo ndi mai ankadyera pamodzi koma osalankhulana. Ndiponso ngati ukwati uli wongosangalatsa awiriwo basi, mai Pauli sadalakwe, pakuti nzimbe ikatha kutsekemera timalavula.

Nkhaniyi ikutilasa ifenso. Makolo athu a mitala adauzidwa ndi amishoni kuti asankhe mkazi mmodzi asanalandire Ubatizo, ndipo misozi idagwa m'midzi. Tsono mkhristu wina atha kudandaula kuti: kodi tidavutikiranji, poti adzukulu a otiphunzitsawo ayamba kukayika?

Chiphunzitsochi si mwambo wa Azungu ai. Pa Mateyo 19 Ambuye Yesu adachiphunzitsa pakati pa Ayuda, amene lamulo la Mose linkawalola kupereka kalata ya chisudzulo, ndipo ophunzira ake omwe adaona kuti nchovuta, mpaka kuganiza kuti kuli bwino osakwatira konse. Amene adachilongosola bwino pambuyo pake ndi mwana wa Africa, Augustino Woyera, episkopi wa ku Hippo, m'dziko limene lero ndi Algeria. Iye adatchula zabwino zitatu za ukwati: ana, kukhulupirika ndi sakramenti. Kutsekemera sadakuike pa maziko. Sikuti nkoipa, ndi mphatso ndithu, koma kumabwera ndi kupita ngati mvula.

Tiime pa kukhulupirika. Mwamuna akati "ndidzakhala nawe ngati zinthu ziyenda bwino," mkazi sangavule mtima wake wonse. Adzabisa matenda ake, ngongole zake ndi mantha ake, poopa tsiku lokalembetsanso. Mwana nayenso aziwerenga zaka pamodzi ndi makolo ake. Lonjezo lopanda malire ndilo limalola munthu kudwala, kukalamba ndi kulakwa popanda kuopa kuchotsedwa. Nchifukwa chake Msonkhano wa Vatican Wachiwiri mu 1965 udanenetsa kuti ngakhale banja limene silidalandire mphatso ya ana ndi ukwati weniweni, wosatha. Achibale amene mumaumiriza mwamuna kutenga mkazi wachiwiri chifukwa cha ana, mwamva.

Inu akatekisiti, pophunzitsa okonzekera ukwati mwezi uno, afunseni mmodzimmodzi, mnzake atatuluka panja: chaka chachisanu ndi chitatu chikadzafika mnzanuyo ali gone pa mphasa, adzamphikira phala ndani?