KUWETA ATSEKWE: NYAMA YOCOKERA KU MSIPU

Mau okambidwa kwa anthu a ku Kafue Estates ndi a m'midzi yozungulira

Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cagwetsa dziko la Zambia m'tsoka. Caka cimeneco cimanga cinasowa, gaga anakwera mtengo, ndipo ambiri oweta nkhuku anasowa cozipatsa. Ciweto cimene cidyera m'nkhokwe imodzi ndi ana a mwini wace cisanduka mtolo pa nthawi ya njala. Cifukwa cace kuli bwino kuganizirako za tsekwe, mbalame imene cakudya cace ceniceni ndi udzu.

Anthu a kuno amdziwa tsekwe wa kuthengo, amene apezeka m'madambo a mtsinje wa Kafue, monga ku Lochinvar ndi ku Blue Lagoon. Ameneyo atetezedwa ndi Boma, ndipo kumupha popanda laisensi ndi mlandu. Tsekwe woweta ndi wa mtundu wina. Alipo woyera wa ku Germany wochedwa Embden, amene wamphongo wace afika makilogalamu 10, wotuwa wa ku France wochedwa Toulouse, ndi wa ku China wa khosi lalitali, amene acepa thupi koma aikira mazira ambiri.

POYAMBA MSIPU

Nyumba za ku Kafue Estates zinamangidwira anthu a nchito za m'mafakitale, monga ya Nitrogen Chemicals of Zambia, ndipo ziri zoyandikana. Tsono munthu asanagule atsekwe ayenera kuona ngati ali ndi malo a msipu. Wopanda msipu asayambe, pakuti atsekwe anjala alowa m'dimba la mnansi namaliza repu tsiku limodzi, ndipo cotulukapo ndi mlandu. Mpanda wotalika mita imodzi ukwanira kuwaletsa. Udzu woyenera ndi waufupi ndi wanthete. Wautali wokhwima suwathandiza. Poyamba akwanira wamphongo mmodzi ndi aakazi atatu.

Dziwe silifunika kwenikweni. Cofunika ndi madzi oyera m'cotengera cakuya, kuti tsekwe amize mutu wonse ndi kutsuka maso ndi mphuno. Pakhale mthunzi usana, ndi khola louma lotsekeka usiku cifukwa ca agalu ndi akuba.

MAZIRA NDI ANA

Mazira aswa patapita masiku 28 kufikira 35, monga mwa mtundu wace. Thadzi la nkhuku likhoza kufungatira mazira anai a tsekwe, koma mwini aziwatembenuza yekha tsiku ndi tsiku, popeza alilemera thadzilo. Ana akaswa asungidwe pofunda ndi pouma masabata atatu oyamba, cifukwa akabvumbwa nthenga zisanamere afa ndi kuzizira. Apatsidwe cakudya ca anapiye pamodzi ndi masamba oduladula. Akafika masabata asanu ndi limodzi akhoza kukhuta msipu, nalandira gaga pang'ono madzulo.

NYENGO YACE

Kuno msipu ucuruka kuyambira December kufikira April, ndipo pambuyo pace uuma. Mlimi wanzeru ayesetsa kuti ana a atsekwe apezeke pamene mvula iyamba, kuti akule ndi udzu waulere. Akakwanitsa miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, nthawi yokolola, awatsekere masabata atatu nawanenepetsa ndi gaga ndi cimanga cosweka. Pamenepo aphe kapena agulitse onse osafunika, asiye ambeu okha, amene adzapyola cilimwe ndi masamba otsala a m'dimba. Wosunga gulu lonse kufikira October adzagula cakudya cimene anafuna kupewa, ndipo phindu lidzatha.

Tsekwe mmodzi apatsa banja nyama ya masiku angapo, mafuta ophikira, ndi nthenga za m'mitsamiro. Alinso mlonda, pakuti akaona mlendo acita phokoso. Sadwala citopa kawirikawiri, koma akhoza kunyamula nthendayo ndi kupatsira nkhuku. Motero katemera wa nkhuku asalekedwe.

Ali yense wofuna kuyamba akaonane ndi mlangizi wa ziweto wa m'dera lace, amuonetse msipu ndi khola mvula isanagwe.