LIU LAKUTI "TAKE" SILITANTHAUZA KUTENGA KOKHA

Nkhani iyi inakambidwa kwa aphunzitsi a m'sukulu za kumidzi ndi kwa akulu amene alikuphunzira Chingerezi madzulo. Yalembedwa pano kuti amene sanakhalepo aimvenso.

Mwana akayamba Chingerezi, mphunzitsi amanyamula buku pa tebulo nanena kuti "take" ndiko kutenga. Mwanayo amalemba chomwecho m'kope lake, ndipo amakula nacho m'mutu. Mphunzitsiyo sananame ai, koma wanena kachigawo kakang'ono chabe. Liu limeneli liri ngati khasu la pa nyumba: lomwelo lolimira, lomwelo lokumbira dzenje, lomwelo lopondera dothi la njerwa. Munthu wodziwa nchito yake imodzi yokha adzasokera, ndipo kusokera kwina kumakhudza moyo wa munthu.

Chitsanzo choyamba chichokere ku chipatala, pakuti ndiko kuli ngozi. Pa kapepala ka mankhwala pamalembedwa kuti "Take one tablet three times a day." Apa "take" ndiko kumwa: piritsi limodzi katatu pa tsiku. Mchewa amamwa mapiritsi monga amamwera madzi, koma Mngerezi sanena "drink" pa chinthu chouma, ndipo ngakhale mankhwala amadzi kawiri-kawiri amati "take" basi. Pepala likati "Take after meals" ndiye kuti wodwala amwe atatha kudya. Likati "Do not take more than eight tablets in 24 hours" silikuletsa kunyamula mapiritsi ambiri m'thumba. Likuletsa kumwa oposa 8 pa usana ndi usiku.

Ku England m'zaka za m'ma 1800, kufikira chapakati pa zaka za m'ma 1900, mankhwala akupha ndi mankhwala odzola ankaikidwa m'mabotolo abuluu kapena obiriwira, a mizere-mizere yotumphuka, kuti munthu awazindikire ndi zala ngakhale mu mdima. Pa galasi lomwelo ankaumbapo mau akuti "Not to be taken." Tsono munthu amene anaphunzira kuti "take" ndi kutenga chabe adzawerenga kuti botolo ili lisachotsedwe pa malo pake, kapena kuti wina asalibe. Adzalibweza pa malo pake bwino lomwe, atathira kale sipuni imodzi m'kamwa mwa mwana. Mauwo atanthauza kuti: Osamwa! M'mudzi wina amene amaitanidwa kudzamasulira pepala la ku chipatala ndi mwana wa Sitandade 6 kapena 7, popeza ndiye wodziwa Chizungu pa banjapo. Chifukwa chake tanthauzo ili lakuti kumwa liyenera kuphunzitsidwa msanga, lisanafike lina liri lonse lokometsera mayeso.

Chachiwiri chimene chimavuta Achewa ndicho kumene chinthu chirikupita. Mai akauza mwana kuti "Katenge madzi," afuna kuti madziwo abwere kwa iwo. Mwana akamasulira kuti "Go and take water" walakwa, ngakhale kuti liu liri lonse waliika monga anaphunzira. Mngerezi akadati "fetch," kapena "bring," kapena "go and get." Polankhula za kunyamula, "take" amachotsa chinthu pamene pali wolankhula napita nacho kwina. "Take this letter to the clerk" ndiko kuti kapereke kalata iyi kwa kalaliki. "Take the child to hospital" ndiko kuti pita naye mwana ku chipatala. Lamulo lake nlalifupi ndipo ana aligwira msanga akaliimba ngati nyimbo: "take" kupita nacho, "bring" kubwera nacho. Mnyamata wolowa nchito amene sadziwa kusiyana kumeneku angathe kunyamula makasu onse kupita nawo ku sitolo pamene kapitao alikuwadikira ku munda.

Kupatula ziwirizi, tanthauzo la "take" limachokera kwa liu limene wayandikana nalo. "Take a bus" ndiko kukwera basi. "Take a bath" ndiko kusamba, "take a photograph" kujambula chithunzi, "take care" kuchenjera, ndipo "take care of" kusamala munthu kapena chiweto. Mlendo akauzidwa mu ofesi kuti "Take a seat" akhale pansi, mpandowo ausiye momwemo potuluka. Kalata ikati "The meeting will take place on Monday" ndiye kuti msonkhano udzachitika Lolemba. Palibe malo amene adzalandidwa kwa munthu. Makolonso adziwe ichi: mwana akalemba kunyumba kuti "I have taken the examination," wangonena kuti walemba mayeso. Kukhoza ndi "pass," ndipo nkhuku isaphedwe mpaka liu limenelo litaoneka.

Palinso timau ting'onoting'ono timene timatsata pambuyo nitisanduliza tanthauzo lonse. "Take off" ndiko kuvula chipewa kapena nsapato, komanso ndiko kunyamuka kwa ndege. "Take out" ndiko kuturutsa, ndipo ku chipatala ndiko kuzula dzino. "Take over" ndiko kulandira nchito kapena udindo umene unali wa wina. "Take after" ali wokondweretsa, chifukwa apa zinenero ziwirizi zagwirizana: "He takes after his father" ndi chimodzi-modzi kunena kuti watengera atate ake. Koma wophunzira asasokoneze ndi "Take after meals" uja wa pa botolo, pakuti palibe munthu amene anatengera nsima.

Ena amadandaula kuti Chingerezi ndi chinenero chosalongosoka, chosenzetsa liu limodzi akatundu khumi. Iwowa ayambe amvetsera Chichewa. Munthu amatenga mpeni, amatenga matenda, ndipo mkazi amatenga mimba; koma pa matenda Mngerezi amati "catch," ndipo pa mimba ali ndi mau enanso. Nanga liu lakuti kumva? Munthu amamva mau, amamva kupweteka, amamva fungo, amamva njala, ndipo mwana wosamva si wogontha ai. Mlendo wophunzira Chichewa amavutika ndi kumva monga momwe Mchewa avutikira ndi "take," kusiyana kwake nkwakuti mwini chinenero saona katundu amene wasenza chibadwire.

Ngakhale kwa Angerezi eni ake liuli linali lachilendo poyamba. Makolo ao akale ankati "niman" pofuna kunena kutenga. M'zaka za m'ma 800 anthu a ku Denmark ndi Norway, otchedwa Vikings, anafika pa zombo nakhazikika kumpoto ndi kum'mawa kwa England, ndipo liu lao linali "taka." Pang'ono-pang'ono mlendoyo anakankha mwini mudzi, kotero kuti pofika cha m'ma 1500 "take" ndiye anali pakamwa pa anthu ambiri. Chimodzi mwa zimene zinatsalako za liu lakale lija ndi "numb," wonena za dzanzi, ngati kuti chiwalocho chatengedwa. Umo ndi momwenso nsapato ndi kapitao analowera m'Chichewa kuchokera kwa Apwitikizi.

M'chaka cha 1930 Mngerezi wina wophunzira, C. K. Ogden, anaturutsa Chingerezi chofupikitsa chimene anachitcha Basic English, cha mau 850 okha. Mwa amenewa aneni anali 18 basi, ndipo "take" anali mmodzi wa iwo, pamodzi ndi "get," "give," "make" ndi "put." Iye anaona kuti aneni ochepawa, akaphatikizidwa ndi timau tating'ono tija, agwira nchito ya aneni ena ambiri-mbiri. Anaona zoona, koma mndandanda waufupi sutanthauza phunziro lalifupi, pakuti wophunzira ayenerabe kudziwa "take off" payekha ndi "take over" payekha.

Pa kasinthidwe kake palibe zambiri. Za dzulo ndi "took," ndipo pambuyo pa "have," "has" kapena "was" ndi "taken." Mwana wolemba "taked" watsata lamulo la "walked," ndipo angouzidwa kuti liu ili silimvera lamulo limenelo.

Mphunzitsi asalembe "take = kutenga" pa bolodi nalekera pomwepo. Abwere m'kalasi ndi kapepala ka mapiritsi, tikiti ya basi, chipewa ndi envulopu. Mwana mmodzi awerenge kapepalako nanene m'Chichewa kuti wodwala amwe angati ndi nthawi yanji. Wina auzidwe kuti "Take off your hat," wina "Take this envelope to the door," ndipo wachinayi "Bring it back to me." M'kope liuli lisalembedwe lokha, koma nthawi zonse pamodzi ndi mnzake amene layenda naye, ndipo Chichewa chake chilembedwe pambali monga Mchewa akadanenera pa mudzi.

Nkhani ya mwezi wa mawa idzakhala ya "borrow" ndi "lend," amene amayambanitsa anthu pa ngongole.