Kuonetsa Chidwi pa Ntchito Popanda Kudzitchipitsa

Inu amene munaoloka nyanja kuchokera ku Nkhata Bay, ndi inu amene mwatsika kuchokera kuminda ya khofi ku Mbinga: kuno ku Mbamba Bay, ku Liuli mpaka ku Mbaha, ntchito timaipempha m'Chiswahili. Koma limafika tsiku loti wolemba ntchito ndi mwini malo ogona alendo, kapena mlendo wofuna womuthandiza pakhomo, ndipo mafunso akubwera m'Chingerezi. Pamenepo ambirife timangoti "I can do anything." Mawu amenewa tiwasiye lero.

Ife powanena timafuna kusonyeza khama. Bwanayo amamva zina: munthu uyu alibe kolowera, adzachapa, adzalima, adzalondera ndi usiku womwe, malipiro ake omwewo.

Yambani ndi "I am interested in this job," kutanthauza kuti ntchitoyi muli nayo chidwi. Samalani mchira wa liwulo: mukati "I am interesting" mwadzitama kuti ndinu munthu wochititsa chidwi, ndipo bwana angomwetulira. Liwu limene ine ndimalikonda ndi "keen." Mukati "I am keen to learn," mwayankhula ngati munthu wodekha, wodziwa chimene akufuna. "Eager" ndi lotentherapo, ngati mtima wa msodzi woona usipa ukuwira pansi pa nyali. Nalonso ndi labwino, koma kamodzi n'kokwanira. Potsanzika nenani "I look forward to starting."

Pa liwu lakuti "willing" chenjerani, pakuti silinena chidwi koma kulola. Mukati "I am willing to work on Sunday," mwalonjeza, ndipo adzakukumbutsani. "Desperate" musalitchule n'komwe, ngakhale kumudzi akudikira ndalama ya feteleza.

Lamulo la ntchito la Tanzania la 2004 limati maola a masiku onse asapitirire 45 pa sabata, ndipo ola lowonjezera lilipidwe kamodzi ndi theka. Choncho chidwi chanu chiziyenda limodzi ndi funso: "I am keen to start. What are the hours and the pay?" Kufunsa chotere si mwano ayi.

Tsopano tembenukirani kwa amene mwakhala naye pafupi. Mmodzi akhale bwana, winayo anene mawuwa katatu, mokweza, maso osagwetsa pansi. Mukatero musinthane.