Mwana wa Mnzako Ngwako Yemwe, Koma Wakutuma Ndani?

Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwambiwu ngwokoma pakamwa, koma umalemera tsiku limene mnyamata wa zaka 15 afikira munthu amene si kholo lake, naulula kuti mtima wake umakopeka ndi anyamata anzake, osati atsikana. Kodi mkuluyo ayankhe, kapena atseke pakamwa?

Pa mwambo wa Achewa, makolo sankalangiza okha ana awo za thupi. Ntchitoyo inali ya anamkungwi ndi aphungu. Komatu namkungwi sankadzituma: makolo ankamdziwa, mfumu inkavomera, mudzi wonse unkaona. Tsono mlandu suli pa kulankhula ndi mwana wa eni, koma pa amene wayambitsa nkhaniyo ndi pamene ikukambidwira.

Mkulu wodziyambitsira nkhani zotere kuseri, nauza mwana kuti makolo asamve, ngwoyenera kumukayikira, pakuti ogona ana amayenda njira yomweyo. Kuyambira mu 2017, malamulo a dziko la Malawi amati aliyense wosafika zaka 18 ndi mwana.

Koma pamene mwana wabwera yekha, kukhala chete nakonso kumapweteka. Dziko la Britain linaona zimenezi. Mu 1988 linakhazikitsa lamulo lotchedwa Section 28, loletsa makhonsolo kulimbikitsa chikondi cha amuna kapena akazi okhaokha. Aphunzitsi ambiri, poopa mlandu, anangoti duu ngakhale pamene ophunzira otere ankatonzedwa. Lamulolo linathetsedwa ku Scotland mu 2000, ndi ku England ndi Wales mu 2003. Mu 2009 David Cameron, mtsogoleri wa chipani chimene chinalibweretsa, anapepesa.

Ku Malawi nkhaniyi njolemera koposa, pakuti malamulo amaletsa kugonana kotereku, ndipo bwalo lamilandu linawatsimikiza mu 2024. Mphunzitsi kapena mbusa wofalitsa chinsinsi cha mwana angamuitanire chibakera, kapena kumupirikitsitsa pakhomo.

Chotero mkulu wanzeru amvetsere mpaka mwanayo atamaliza. Asamuseke, asamuopseze, asamupatse dzina limene mwiniwake sanadzitche. Afunse ngati pali womuzunza, kapena ngati ali ndi maganizo odzipha. Zikatero, nambala yaulere ya 116 yothandiza ana ilipo. Kenaka afune naye pamodzi kholo kapena mbale wofatsa amene angasenze nkhaniyo, chifukwa mwana amene wakanidwa khutu kamodzi sagogodanso pakhomo lina.