Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Tsiku la Akabaza ku Limbuli



Za mabuleki ndi magetsi apolisi anena kale. Ine ndibwera m'thumba lanu la malaya, momwe muli kapepala ka timapiritsi.

Munthu amene wamanga matumba atatu a chimanga pakaliyala ku Muloza, n'kupalasa makilomita pafupifupi 30 kukafika ku Chitakale dzuwa likuswa mtengo, msana ndi maondo sizingalephere kuphwanya. Sindikuuzani kuti muzingopirira ayi, poti ana kunyumba akudikira ndiwo. Nkhani ndi yakuti mukumwa chiyani, ndipo mukumwa nthawi yanji.

Ambiri mumati Panado ndi wa ana, mumafuna "amphamvu": Brufen, Diclofenac, Indocid. Inde amagwira msanga. Koma atatuwa ndi a banja limodzi, ndipo onse amachepetsa magazi opita ku impso. Tsono taganizani. Mwadzuka 4 koloko, mwamwa awiri m'mimba muli gwa, kenako mwatuluka thukuta tsiku lonse osamwa madzi okwanira. Impso zauma kale ndi ludzu, mankhwala aja n'kudzazipanikizanso. Zoopsa zake n'zakuti impso sizilira msanga. Munthu amadzazindikira miyendo itatupa, mkodzo ukutuluka pang'ono, ndipo makina osefa magazi sali pa chipatala cha Muloza kapena pa boma. Ulendo wake ndi wa ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Mankhwala omwewa amakanda m'mimba mpaka zilonda. Mukaona chimbudzi chakuda bii ngati phula, amenewo ndi magazi: siyani njinga, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.

Ndipo tisanamizane, m'midzi mwathu muno Indocid yemweyo ena amathira m'nsima kuti aphe makoswe. Nanga inu n'kumamumwa awiriawiri ngati mtedza wokazinga?

Choncho poyambira pabwino ndi Panado yemwe mumamuderera uja. Munthu wamkulu amwe mapiritsi awiri a 500 mg, adikire maola osachepera anayi asanamwenso, ndipo asapitirire mapiritsi 8 pa tsiku. Kupyola apo chiwindi chimaonongeka, makamaka kwa amene madzulo amadzera kaye kokawotcha kukhosi ndi kachasu. Brufen ngati wafunikadi, mumwe mutafika kunyumba, mutadya nsima ndi kumwa madzi, kwa masiku owerengeka okha, ndipo musamuphatikize ndi Diclofenac, Indocid kapena Aspirin. Amene muli ndi BP, shuga, zilonda za m'mimba, kapena mukumwa ma ARV, funsani kaye adokotala. Palibe chamanyazi pamenepo.

Za Tramadol sinditaya nthawi. Amaledzeretsa, amabweretsa tulo, ndipo thupi likamuzolowera silifuna kumusiya. Inu a njinga zamoto, kumwa ameneyu n'kunyamula mayi ndi mwana kumbuyo pamsewu wa M2, pakati pa magalimoto a tiyi ndi mathiraki a ku Mozambique, ndi kusewera ndi miyoyo ya eni.

Chinanso, si kuphwanya konse kwa thupi kumene kumachokera ku njinga. Kuno ku Mulanje malungo ndi osasowa. Thupi likatentha, kayezetseni magazi. Panado amangoziziritsa thupi, tizilombo timakhala tikuswanabe.

Mankhwala a pabenchi, oyanikidwa padzuwa pambali pa tomato, opanda paketi kapena tsiku lothera ntchito, asiyeni. Bungwe la PMRA ndilo limapereka chilolezo kwa ogulitsa mankhwala m'dziko muno, ndipo kufunsa chiphaso chake ndi ufulu wanu. Ululu ukapitirira sabata, kapena dzanzi likamatsikira kumwendo, Mulanje District Hospital ndi Mulanje Mission zilipo.

Apampando a akabaza, ndikusiyireni pempho. Pa siteji iliyonse pakhale chigubu cha madzi abwino akumwa. Muyang'anenso zishalo za anyamata anuwa, chifukwa chishalo chikatsika kwambiri maondo ndiwo amalipira, ndipo kuchikweza sikulira ndalama, ndi sipanala basi. Gogo Chalo, tithandizeni kuwakumbutsa pa misonkhano ya m'midzi.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti mwambo wathu watsegulidwa.