Zakudya za pa Mphasa Yathu: Zinachokera Kuti?

Mashehe athu, akuluakulu a komiti, azibambo ndi azimayi, ndi inu ana a ku madrasa amene mwakhala kumbuyoko, Idi Mubarak. Ndikudziwa kuti fungo la pilawu lafika kale mpaka pano, choncho sinditalikitsa.

Ndiyambe ndi nsima. Tonse timati munthu ukapanda kudya nsima ndiye kuti wagona ndi njala. Koma kodi mukudziwa kuti chimanga ndi mlendo? Kwawo ndi ku Mexico, kumene anthu anayamba kuchilima zaka pafupifupi 9,000 zapitazo. Chinawoloka nyanja pambuyo pa ulendo wa Columbus wa mu 1492, ndipo kuno chinafika kudzera kugombe ndi mumtsinje wa Zambezi, kumene Apwitikizi anakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1530. Makolo athu a m'chigwa chino ankachitcha mapira-manga, kusonyeza kuti ndi mapira obwera. Aswahili amati mahindi, poganiza kuti chinachokera ku India. Njira yomweyo inabweretsanso chinangwa cha ku Brazil, mtedza, matimati ndi mbatata. Dzina lenilenilo loti mbatata ndi lachipwitikizi. Ngakhale kambuzi amene amatitulutsa thukuta uja ndi wa ku America.

Nanga za lero lino? Pilawu ndi dzina la ku Persia. Samusa naye anayambira komweko, ankamutcha sanbusak, kenaka anakafika ku India, ndipo kwa ife anadza ndi amwenye amene anatsegula masitolo ku Chiromo ndi ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje. M'zaka za m'ma 1970 boma la Dr Banda linawalamula kuti achoke m'madera akumidzi apite m'mizinda ikuluikulu. Iwo anapita, koma samusa ndi chapati anatsala m'manja mwa amayi athu. Mandasi ndi a kugombe la Aswahili. Mpunga uwu kwawo ndi ku Asia, ndipo ku Nkhotakota unafala m'nthawi ya a Jumbe. Lero tikukolola wathu pa sikimu ya Muona ndi ya Nkhate.

Tiyi ndi wa ku China, ngakhale minda yake ili pamwamba pathu pomwepa ku Thyolo. Nzimbe zinayambira ku New Guinea, koma pa Nchalo anayamba kupanga shuga mu 1966. Ndiye kapu imodzi ya m'mawa ija muli mayiko awiri, osawerengera ng'ombe ya ku Ngabu imene yapereka mkaka.

Tsono, abale anga, chathu chenicheni ndi chiti? Mapira ndi mchewere. Mapira anayamba kulimidwa ku Sudan zaka zoposa 5,000 zapitazo, mchewere ku West Africa m'mphepete mwa chipululu cha Sahara. Izi ndi mbewu zozolowera dzuwa ngati lathu lino. Mvula ikadula, chimanga chimapsa chisanabereke, pamene mapira amangopinda masamba n'kudikira. Akuluakulu mukukumbukira chilala cha 1992, ndipo tonse tinaona cha 2024, chimene chinabwera tisanapume ku madzi a namondwe Freddy a mu 2023. Amene anadzala chimanga chokhachokha anathera m'madambo kukazula nyika, kumene ng'ona sizisankha kuti uyu wabwera chifukwa cha njala.

Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti tayamba kuchita nazo manyazi. Mlendo akafika kuchokera ku Limbe, mayi amabisa ufa wa mapira n'kuthamangira kukabwereka woyera kwa aneba. Mwana amakana nsima yofiira ati ndi ya amphawi. Wamuuza ndani? Ndi ife tomwe. Inde, ndikuvomereza kuti mapira ali ndi ntchito, mbalame zimavuta ndipo kupuntha kwake kumayabwa thupi lonse. Koma kuyabwa kwa tsiku limodzi sikungafanane ndi kuima pamzere wa chithandizo kuyambira m'bandakucha.

Pempho langa kwa a komiti ndi ili: tifufuze mabanja amene akadasunga mbewu ya mapira ndi mchewere, tilembe mayina awo, kuti mvula isanagwe tigawane ngakhale mbale imodzi imodzi. Ana a madrasa ndawauza kale kuti sabata yamawa aliyense abwere ndi dzina la mtundu wa mapira umene agogo ake ankalima.

Wassalaam alaikum. Amayi, mutha kuyamba kupakula.