Hotelo ya banja ku mapiri a Alps: yambani mwafunsa za m'mawa

Lero tikambe za tchuthi cha m'nyengo yozizira, makamaka kwa inu amene muli ndi ana aang'ono ndipo mukulakalaka kukawaonetsa chipale chofewa chenicheni ku mapiri a Alps. Sindikunena kachipale ka ku Manchester kamene kamasungunuka usanamalize n'komwe kumwa tiyi, ayi.

Mukatsegula intaneti, pafupifupi hotelo iliyonse kumeneko yalemba kuti ndi "family-friendly". Kulemba mawu amenewa n'kwaulere, abale. Ine chimene ndimayang'ana ndi m'mawa. Taganizani: mwana wa zaka 4, wavala zovala zitatu pamwambamwamba, kumapazi nsapato za ski zouma gwa, zoti ngakhale wamkulu amayenda nazo ngati bakha. Sukulu ya ski nthawi zambiri imayamba cha m'ma 10 koloko. Hotelo ikakhala pa mtunda wa mphindi 15 wapansi, dziwani kuti mwanayo mudzachita kumubereka, ma ski ali m'manja, pansi pakuterera. Mukangofika, iye n'kunena kuti akufuna kuchimbudzi. Masiku 6 otsatizana! Choncho funso loyamba lisakhale la nyenyezi za hoteloyo. Funsani kuti kuchoka pakhomo kukafika pamene ana amasonkhana ndi mamita angati.

N'chifukwa chake ndimakonda kutchula Serfaus, mudzi wa m'chigawo cha Tyrol ku Austria. Iwowa vuto limeneli analiganizira kalekale. Mu 1985 anatsegula kasitima ka pansi pa nthaka, kamtunda wopitirira pang'ono kilomita imodzi, kokhala ndi masiteshoni anayi, ndipo kukwera n'kwaulere. Kamakutengani kuchokera koimika magalimoto, kudutsa pansi pa mudzi, mpaka pokwerera kuphiri. Ndiye kumeneko hotelo yabwino ndi imene yayandikana ndi siteshoni. Serfaus ndi yolumikizana ndi midzi ya Fiss ndi Ladis, ndipo ana ali ndi malo awoawo ophunzirira. Koma musanamizidwe, ndi kodula, makamaka sabata ya tchuthi cha sukulu za ku Britain mu February.

Funso lachiwiri ndi la kamwana kamene sikanafike pa msinkhu wa ski. Sukulu zambiri zimayamba kulandira ana a zaka 3 kapena 4. Kwathu khanda ukanangolisiya kwa agogo kapena azakhali. Kumapiriko kulibe azakhali. Ndiye funsani hotelo: mumasamalira ana kuyambira msinkhu wanji, maola angati, ndipo kodi zili kale mu mtengo wa chipinda? Akakuyankhani kuti "tili ndi chipinda chosewerera ana", ameneyo sanayankhe. Chipinda chodzaza zidole si mlezi. Mahotelo a m'gulu la Kinderhotels, omwe ndi ochuluka ku Austria, ntchito yawo ndi yomweyi.

Pa chakudya, tengani half board, kutanthauza cham'mawa ndi chamadzulo pa hotelo pompo. Mwana amene waswera pa chipale sangadikire chakudya cha 8 koloko usiku, amagona foloko ili m'manja. Funsani ngati ana amadya msanga. Muonenso ngati pali chipinda choumitsira nsapato, komanso ngati pogona ana pali chitseko chake. Kupanda apo inu makolo mudzakhala mu mdima, mukunong'onezana kuyambira 7 koloko.

Tsopano za mapepala, chifukwa apa ndi pamene ndalama zimalowa m'madzi. Ngati muli ndi pasipoti ya Malawi, Zambia kapena Zimbabwe, chilolezo chanu chokhala ku Britain sichikulowetsani ku Austria. Mufunika viza ya Schengen: mayuro 90 wamkulu, 45 mwana wa zaka 6 mpaka 11, osakwana zaka 6 salipira. Popempha vizayo amafuna umboni wa kumene mukagone, pamene mahotelo ambiri a kumapiri amafuna dipoziti. Choncho sankhani hotelo yolola kusintha maganizo osataya ndalama, ndipo mulembe penapake tsiku lomaliza lochitira zimenezo.

Amafunanso inshuwalansi ya zachipatala yosachepera mayuro 30,000. Muiwerenge bwino, chifukwa inshuwalansi wamba ya ulendo nthawi zambiri siphatikiza masewero a pa chipale. Mwana akathyoka mwendo pamwamba pa phiri, helikopita yodzamutenga imabwera ndi bilu yake.